Pulani ya Nkhotakota Iyambire pa Mkuyu

M'mwezi wa Januwale chaka cha 2021 dziko lathu lidakhazikitsa masomphenya a Malaŵi 2063, ndipo imodzi mwa nsanamira zitatu za masomphenyawo ndi kukula kwa mizinda ndi matauni. Cholinga chimenechi ndi chabwino, ndipo nzika iliyonse yokonda dziko lake iyenera kuchilandira ndi manja aŵiri. Chitukuko sichiyenera kuthera ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kokha. Chiyenera kufika m'matauni aang'ono a m'maboma, kumene mlimi amagulitsa zokolola zake, kumene mwana wa kumudzi amaphunzira sekondale, ndiponso kumene wodwala amapeza chipatala.

Komabe pali funso limene a Bwanamkubwa, makhansala, mafumu ndi aphunzitsi ayenera kuliyankha njerwa zisanachuluke. Tauni ikamakula imafuna malo, ndipo malo amene amayamba kuloŵereredwa ndi aja ooneka ngati alibe mwini: bwalo lakale, manda a makolo, nyumba yakale ya Boma, tsinde la mtengo waukulu. Kodi zinthu zimene zidapatsa tauniyo dzina zidzakhala kuti magolosale ndi nyumba za lendi zikadzamangidwa ponseponse?

Lero tatenga Nkhotakota ngati chitsanzo, pakuti mwa matauni aang'ono a dziko lino ndi ochepa amene adasenza mbiri yolemera ngati yake. Maganizo athu ndi aŵa: wolemba pulani ya Nkhotakota ayambe ndi kuika malire a malo a mbiri, ndipo akatero ndiye agaŵe malo a msika, depoti, zigayo ndi nyumba zokhalamo. Akayamba ndi mapuloti, nasiya mbiri kuti adzaione pambuyo, adzapeza kuti palibe chotsala choti aike papulanipo.

Tiyeni tikumbutsane zimene zili ku Nkhotakota. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, dzina lake Salim bin Abdallah, adakhazikika pagombe limeneli pakati pa Acheŵa, ndipo iye pamodzi ndi amene adaloŵa m'malo mwake adatchuka ndi dzina la ufumu loti Jumbe. Adamanga linga, ndipo mpaka lero dzina loti Linga silidachoke pakamwa pa anthu a kumeneko. Malonda a Jumbe adali a minyanga ya njovu ndi a akapolo. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumadzulo, ena ochokera kutali m'dziko limene tsopano ndi Zambia, ankasonkhanitsidwa pamenepa, kukwezedwa m'zombo za matanga, kuolotsedwa kupita tsidya la kum'maŵa, kenaka kuyendetsedwa pansi ulendo wa miyezi mpaka ku Kilwa m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ambiri adafera m'njira.

Dr. David Livingstone adaona malondaŵa ndi maso ake pamene ankayendera nyanja mu 1861, ndipo adabweranso mu 1863. Mkuyu umene umakumbukiridwa kuti ndi pamene iye adakhala pansi kukambirana ndi Jumbe ndiwo chikumbutso chachikulu cha tauniyi. Pempho lake silidathetse ukapolo nthaŵi yomweyo. Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wachitatu, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1890 Jumbe wachinayi, amene adali wotsiriza, adachotsedwa ndi boma la atsamunda natumizidwa ku Zanzibar. Mu 1894 amishoni a Anglican a UMCA adatsegula mishoni yawo pamenepa. Bishopu Chauncy Maples, amene adamira panyanja mu Seputembala 1895 akubwera kudzayamba ntchito yake ya ubishopu, adaikidwa ku Nkhotakota, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Pafupi pomwepo pali chipatala cha St Anne's. M'mudzi wakale muli manda a mafumu a Jumbe ndi malo a mzikiti wakale, pakuti Chisilamu chidafika kumeneko pamodzi ndi iwo.

Mbiri ya tauniyi siidathere m'nthaŵi ya akapolo ndi amishoni. Mu 1960, patapita miyezi yoŵerengeka malemu Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gweru, chipani cha Malaŵi Congress chidachita msonkhano wake waukulu ku Nkhotakota, ndipo pamsonkhanopo Dr. Banda adasankhidwa kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Anthu a kumeneko amasonyeza mtengo wina umene iye adalankhulirapo kwa namtindi wa anthu. Munthu angathe kuŵeruza zaka zimene zidatsatira monga momwe afunira, koma sangakane kuti ulendo wa ku ufulu wa pa 6 Julaye 1964 udadzera pa Nkhotakota. Chotero m'dera limene munthu angalizungulire wapansi m'maŵa umodzi muli ukapolo ndi kutha kwake, muli chiyambi cha Chisilamu ndi cha Chikhristu m'chigawo chimenecho, mulinso kumenyera ufulu wodzilamulira. Ichi ndi choloŵa cha mtundu wonse wa a Malaŵi, ndipo anthu a ku Nkhotakota ndiwo alonda ake.

Tsono n'chiyani chikuopseza choloŵa chimenechi? Kale khomo la Nkhotakota lidali nyanja. Katundu ndi alendo ankafikira padoko, poyamba m'zombo za matanga, pambuyo pake m'sitima za pamadzi, kuphatikizapo Ilala imene idayamba kuyenda mu 1951. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, umene timautcha M5, utamangidwa, khomo lidasamukira kumtunda. Malonda amatsata galimoto, ndiye sitolo, malo omwetsera mafuta ndi nyumba zogona alendo zidandandalika m'mbali mwa msewuwo, ndipo mudzi wakale wa kunyanja udatsalira kumbuyo. Munthu wochokera ku Salima kupita ku Nkhata Bay angathe kudutsa Nkhotakota osadziŵa kuti pang'ono chabe kumunsi kwa msewu kuli malo amene adaŵaphunzira kusukulu. Malo oiŵalika amaonongeka m'njira ziŵiri. Akakhala kutali ndi malonda amatha ndi chiswe ndi mvula, ndipo malonda akaŵafikira amagaŵidwa mapuloti. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 28,000 pa boma pa Nkhotakota, ndi anthu pafupifupi 400,000 m'boma lonselo. Chiŵerengero chikukula, ndipo banja lililonse latsopano likufuna poika nyumba.

Nkhotakota siisoŵa zopangira chuma. Mpunga wake, umene Aswahili adaufalitsa m'madambo a m'mbali mwa nyanja, udatchuka kuyambira nthaŵi ya atsamunda, ndipo sikimu yothirira ya Bua ikupitiriza ulimi umenewo. Kuli chinangwa cha kondowole, kuli nsomba za m'nyanja ndi za ku Chia. Makilomita oposa 50 kumpoto kuli Dwangwa, kumene fakitale ya shuga idayamba kugaya nzimbe mu 1979, ndipo malipiro a antchito ake amathandiza malonda a dera lonselo. Kumadzulo kuli nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita 1,800, imene bungwe la African Parks lidayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi Boma mu 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kufupi ndi boma kuli akasupe a madzi otentha a Chawira.

Chimene chikusoŵa ndi chomangira zinthu zonsezi pamodzi. Mlendo wopita kukaona njovu ku mtsinje wa Bua, kapena wopita kukapuma kugombe, akangodutsa m'tauni amasiyamo ndalama ya mafuta ndi ya botolo la chakumwa basi. Koma akaima tsiku lathunthu ndi kugona, amalipira chipinda, amadya mpunga ndi chambo, amakwera kabaza, amalipira mnyamata womuonetsa malo, ndipo pochoka amagula thumba la mpunga lopita nalo kwawo. Ndalama imeneyo imagwera m'manja mwa mabanja ambiri. Nanga mlendoyo angaime chifukwa cha chiyani? Golosale ndi bala ali nazo kwawo. Chimene alibe kwawo ndi mkuyu wa Livingstone, manda a Jumbe ndi manda a Maples. Tsono munthu amene waononga malo a mbiri pofuna kumangapo nyumba yogona alendo wachotsa chinthu chimene chikadamubweretsera alendowo.

Zitsanzo zili m'dziko momwe muno. Ku Mua m'boma la Dedza, pafupi ndi msewu womwewu wa M5, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni mu 1976. Malowo amalandira alendo ochokera kutali odzaona miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, ndipo osema ziboliboli a m'midzi yozungulira adapezapo ntchito. Ku Karonga adatsegula nyumba yosungiramo zinthu zakale mu 2004, momwe muli chifanizo cha mafupa a chilombo chakalekale chotchedwa Malawisaurus pamodzi ndi mbiri ya anthu a kumeneko. Malo aŵiri onseŵa ali kutali ndi mizinda ikuluikulu, koma apaulendo amapatuka chifukwa pali chooneka, chosamalidwa bwino, ndipo pali munthu wochifotokoza.

Tiyeneranso kunena kuti m'ndondomeko ya Boma yokweza matauni kuti akhale mizinda, imene idatsatira masomphenya a 2063, mudasankhidwa malo asanu ndi atatu oyambira: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Nkhotakota mulibe. Izi zisafooketse munthu. Atatu mwa malo ameneŵa, Salima, Kasungu ndi Nkhata Bay, adazinga Nkhotakota kumwera, kumadzulo ndi kumpoto, ndipo akamakula magalimoto odutsa pamphambano ya M5 ndi M18 adzachuluka. Tauni yokhala pakati pa inzake ikuluikulu ikapanda chakechake imasanduka poimira basi. Nkhotakota siingapikisane ndi Chipoka pa za doko ndi njanji, kapena ndi Kasungu pa za fodya, koma pa za mbiri palibe mwa atatuwo angaipose.

Alipo ena amene anganene kuti anthu akusoŵa ntchito ndi chakudya, ndipo mbiri siikhutitsa mimba. Mawu ameneŵa ndi oyenera kuŵamvera, chifukwa zimene zimadyetsa Nkhotakota chaka ndi chaka ndi mpunga, nsomba, chinangwa ndi nzimbe, pamene alendo odzaona malo amabwera mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake pulani yabwino iyenera kupatula malo aakulu, okhala ndi magetsi, madzi ndi msewu, oikapo zigayo za mpunga, nyumba zosungiramo zokolola ndi malo oziziritsira nsomba, kuti mpunga usamachoke m'boma uli wamankhusu n'kukapindulitsa ogaya a kwina. Koma tiyeni tiyerekeze. Malo onse a mbiri tikaŵaphatikiza ndi kachigawo kochepa ka nthaka ya tauniyi. Chigayo chingamangidwe paliponse pamene pafika waya wa magetsi. Manda a Jumbe sangasamuke, ndipo mkuyu wa zaka zoposa 160 sungaokedwe pena. Pamene ziŵirizi zikulimbirana malo amodzi, chosunthika ndicho chiyenera kusuntha.

Ena ali ndi nkhaŵa yakuti mbiri ya ukapolo ndi yochititsa manyazi, ndipo kuikumba kungadanitse anthu, makamaka m'tauni momwe Asilamu ndi Akhristu amakhala khomo ndi khomo. Nkhaŵa imeneyi tikuimvetsa. Koma umodzi womangidwa pa kubisa sukhalitsa. Mbiri ikafotokozedwa yonse imasonyeza kuti pa malonda oipaŵa padali ogula a kunja, padalinso mafumu ndi ankhondo a kuno amene ankagwira anzawo. Imasonyeza kuti Aswahili omwewo adabweretsa mpunga ndi luso lopanga zombo. Imasonyezanso kuti atsamunda amene adathetsa ukapolo adabweretsa msonkho wa nyumba ndi kulanda malo. Palibe gulu limene lingadzitame kuti manja ake ndi oyera, ndipo palibe mwana wobadwa lero amene ali ndi mlandu. Ku Zanzibar, kumene ambiri mwa anthu odzera ku Kilwa ankakagulitsidwa, amishoni a UMCA omwewo adamanga tchalitchi chachikulu pamalo pamene padali msika wa akapolo. Malowo amasungidwa ndi kuonetsedwa kwa alendo m'mzinda umene anthu ake ambiri ndi Asilamu, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO lidalemba mzinda wakalewo m'kaundula wa choloŵa cha dziko lonse lapansi.

Chachitatu chimene chimamveka kaŵirikaŵiri ndi chakuti khonsolo ilibe ndalama. N'zoona kuti ndalama za ziphaso za pamsika ndi za malaisensi a malonda sizingamange nyumba yosungiramo zinthu zakale m'chaka chimodzi. Koma ntchito yoyamba siifuna chuma chambiri. Imafuna woyeza malo, mapu, zikhomo za simenti zoika m'malire, ndi msonkhano wa khonsolo wovomereza lamulo. Kuteteza bwalo limene palibe nyumba n'kotsika mtengo. Tikadikira kuti pamangidwe sitolo, padzafunika chipepeso, milandu ya kukhoti ndi chidani cha mabanja. Paja akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Tisaiŵalenso eni malo. Zambiri mwa zinthu tatchulazi zili m'manja mwa mpingo, mwa Asilamu, mwa mabanja ndi mwa mafumu, ndipo si chilungamo kuuza munthu kuti asakhudze nyumba yake koma osamuthandiza kuisamala. Wosunga malo a mbiri achepetseredwe msonkho, apatsidwe uphungu wa amisiri, ndipo ngati waletsedwa kumanga apatsidwe puloti ina. Ndiponso nyumba yakale imakhalitsa ikamagwira ntchito. Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ikadali chiimire chifukwa siidasiyidwe yokha, ndipo m'menemo muli laibulale ya Society of Malawi. Nyumba ya mu 1886 ya ku Zomba, imene idamangidwira kazembe wa dziko la Britain, idasanduka hotela ya Masongola. Nyumba yotsekedwa ndi loko imakhala ya mileme, ndipo denga lake silichedwa kugwa.

Malamulo alipo kale. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limapatsa Nduna mphamvu yolengeza kuti malo, nyumba kapena chinthu chakale n'chotetezedwa, ndipo limaletsa kuchigwetsa kapena kuchisintha popanda chilolezo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene lidaloŵa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988, limafuna kuti mapulani alembedwe m'maboma monse ndi kuti womanga ayambe wapempha chilolezo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'madera mwawo. Kuonjezera apo, mu 2011 dziko lathu lidapereka ku UNESCO njira za akapolo ndi za Dr. Livingstone kuti ziikidwe pa mndandanda woyembekezera, ndipo Nkhotakota ilimo. Malo athu amene adalandiridwa m'kaundula weniweni ndi Lake Malawi National Park mu 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006, ndi phiri la Mulanje mu 2025. UNESCO imafuna kuti malo oloŵa m'kaundulayo akhale ndi malire odziŵika, mpata woŵatchinjiriza ndi dongosolo la kasamalidwe. Zitatu zonsezi ndi ntchito ya pulani ya tauni.

Tsono tikupempha kuti ntchito iyende motere. Choyamba, khonsolo ya Nkhotakota, mogwirizana ndi nthambi ya Boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala, Mfumu Yaikulu Malengachanzi, ndi atsogoleri a mpingo wa Anglican ndi a Chisilamu, ilembe malo onse a mbiri, aakulu ndi aang'ono omwe. Malo aliwonse ayezedwe, aikidwe pamapu, ndipo m'malire mwake muzikidwe zikhomo. Amene sadalengezedwe kuti ndi otetezedwa aperekedwe kwa Nduna. Mapuwo asatsekeredwe m'kabati ya ofesi. Apachikidwe poyera kwa Bwanamkubwa, pamsika, kutchalitchi ndi kumzikiti, kuti pasadzapezeke munthu wonena kuti sankadziŵa.

Chachiŵiri, malo aliwonse akhale ndi mpata woŵazungulira umene munthu sangamangepo, ndipo kasamalidwe kake katsate nzeru za amisiri. Mizu ya mkuyu imayenda kupitirira pamene pathera nthambi zake. Wokumba maziko kapena ngalande pafupi nawo amadula mizu, wothira simenti patsinde amaumana madzi ndi mpweya, ndipo wotentha zinyalala pamenepo amaupha pang'onopang'ono. Mtengo uli ndi malire a moyo wake, choncho mbande zochokera ku mkuyu umenewu zibzalidwe tsopano pafupi nawo ndiponso m'masukulu. Nazonso nyumba zakale za njerwa zimene zidamangidwa ndi dothi kapena laimu siziyenera kumatidwa simenti mwachisawawa, chifukwa simenti imatsekera chinyezi m'khoma ndipo njerwa zimafumbwa m'kati. Chokonzera nyumba yotere ndi laimu, denga losadontha ndi ngalande yochotsa madzi pamaziko.

Chachitatu, msewu wochokera pa M5 kutsikira kunyanja ukhale msana wa pulani yonse. Pamphambano pakhale chikwangwani chachikulu chouza wapaulendo zimene zili kumunsi. M'mbali mwa msewuwo mubzalidwe mitengo ya mthunzi, muikidwe magetsi, ndipo mupatulidwe malo aukhondo ogulitsirapo mpunga wa m'mapaketi, mphasa, ziboliboli ndi chakudya, pamodzi ndi zimbudzi zabwino. Kugombe asodzi akhale ndi malo awo okocheza ndi oyanikira usipa, ndipo anthu wamba asatsekeredwe njira ya kunyanja ndi mipanda ya eni ndalama. Tikatero malonda a pamsewu waukulu ndi mudzi wakale zidzayamba kudyetsana, ndipo doko lidzakhala lokonzeka nthaŵi iliyonse imene maulendo a panyanja adzachuluke.

Chachinayi, pulani ilemekeze madzi. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mitsinje idasefukira m'dera la Dwangwa, idaononga nyumba ndi minda, ndipo idadula msewu wa M5. M'chaka chomwecho nyanja idadzaza kwambiri, nkumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'madera ambiri a m'mphepete mwake. Pamapu palembedwe mzere wosonyeza pamene madzi adafika, ndipo kunsi kwa mzerewo pasaperekedwe chilolezo cha nyumba yokhalitsa. Madambo asiyidwire mpunga. Ngalande za m'tauni zikonzedwe mwakuti madzi ochokera pa malata ndi pa tala ya kumtunda asamathamangire ku manda ndi ku nyumba zakale za kumunsi.

Chachisanu, ndalama zolipira alendo poona malo zisungidwe pa thumba lake lapadera, ndipo gawo lalikulu libwerere ku malo omwewo: kulipira mlonda, kutchetcha, kukonza mpanda ndi denga. Ana asukulu ndi anthu a m'deralo asaletsedwe ndi mtengo kuona choloŵa cha makolo awo. Chaka chilichonse khonsolo ilengeze poyera ndalama zimene zidaloŵa ndi ntchito imene zidagwira. Anthu amateteza chinthu chimene akuona phindu lake, ndipo amaleka kuchisamala akayamba kuganiza kuti chikudyetsa anthu oŵerengeka.

Kwa aphunzitsi tili ndi mawu apadera. Mwana amene waloŵeza dzina la Jumbe kuti akhoze mayeso, koma sadafikepo pa manda ake ali pamtunda woyenda wapansi kuchokera pasukulu, waphunzira theka. Aphunzitsi aakulu a masukulu a pulayimale ndi a sekondale akonze zoti kalasi iliyonse iziyendera malo a mbiri kamodzi pachaka. Ophunzira a sekondale atumidwe kwa agogo a m'mudzi wakale kukalemba zimene iwo adamva kwa makolo awo za zombo, za malonda a mpunga, za mishoni ndi za msonkhano wa 1960, pakuti amene adauona msonkhanowo ndi maso tsopano ndi okalamba, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Zolembazo zisungidwe m'laibulale ya sukulu, ndipo wailesi ya Nkhotakota Community iziulutse. Mwa ophunzira otere mudzatuluka anyamata ndi atsikana oonetsa alendo malo, onena zoona osati zopeka. Zikwangwani zofotokoza malo zilembedwe m'Chicheŵa pamodzi ndi Chingerezi, chifukwa woyamba kuziŵerenga ayenera kukhala mwini dziko.

Kwa ogwira ntchito za Boma ndi kwa mafumu, mawu athu ndi a kusunga mwambo. Pulani imafa pa tsiku limene munthu woyamba wamphamvu waloledwa kuiphwanya. Puloti imodzi ikaperekedwa usiku pamalo oletsedwa, maŵa kudzabwera anthu khumi ofunsa kuti nanga uja mudamulola bwanji. Ofesala wa malo, khansala, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi nyakwaŵa ayenera kukhala ndi yankho limodzi kwa wolemera ndi kwa wosauka. Nawonso amalonda adziŵe kuti lamulo lotere likuteteza chuma chawo chomwe, chifukwa puloti ya m'tauni yokonzedwa bwino imakwera mtengo.

Dziko lino lidaonapo kale phindu lolemba pulani njerwa isanaikidwe. Pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Lilongwe adakhala likulu mu 1975. Nkhalango ya pa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ndi City Centre, idapatulidwa m'masiku amenewo, ndipo ikadapanda kupatulidwa bwenzi lero pali nyumba zokhazokha. Phunziro lomweli likukhudza Mangochi ndi nsanja yake ya wotchi, Khondowe ndi nyumba ya miyala ya Dr. Robert Laws, Phalombe ndi mabwinja a Fort Lister, ndiponso tauni iliyonse imene ili ndi chinthu choti ana a maŵa adzafunse.

Mutu umodzi susenza denga. Bwanamkubwa aitanitse msonkhano, mafumu asonyeze malire, atsogoleri a zipembedzo atsegule mabuku ndi zitseko zawo, aphunzitsi abwere ndi ana, ndipo Boma litumize oyeza malo. Mapu a malo a mbiri a Nkhotakota akhale atapachikidwa poyera khonsolo isanagaŵenso mapuloti ena m'mudzi wakale. Makolo athu ena adachoka pagombe limeneli ali omangidwa, osasiya ngakhale dzina. Chimene chatsala choŵakumbukira ndi nthaka imene adapondapo komaliza, ndipo m'badwo uno ulibe ufulu woigulitsa.